Chivindikiro Chotembenuza

"Botolo limeneli lidzapha munthu m'nyumba muno," ndinatero tsiku limene analibweretsa. Onse anaseka. Kaz ndiye anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Alamu, m'menemu muzikhala masiwiti. Munamvapo munthu atafa ndi masiwiti?"

"Ndinamvapo mwana atatsamwa nawo."

"Ndiye mukhale nduna yake inuyo. Muzithira nokha, muzitseka nokha."

Ndinavomera. Kuvomera kumeneko ndi kumene kunandikhazika pa mpando wozizira wa kupolisi ya Toledo patatha miyezi itatu, Lachisanu m'mawa, mwana wanga Junie ali pamiyendo.

Kaz Rutkowski anamwalira Lachitatu masana ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Tinkachita lendi nyumba imodzi anthu asanu: iyeyo, ine Jocelyn, Junie wa zaka ziwiri, Trevin bambo wa Junie amene ankamukonzera Kaz zing'wenyeng'wenye pa kompyuta, ndi Pruitt wojambula makanema. Kaz ndi Trevin anakulira mumsewu umodzi, n'chifukwa chake ine ndinali mlamu.

Amene sanamumvepo sangamvetse. Anali mnyamata woonda ngati ndodo, tsitsi lopaka utoto wa pinki, kaduwa kofota katajambulidwa pansi pa diso. Ankaimbira m'kabati ya zovala imene anaikuta mabulangete, pakati pa majekete athu. Ankayamba ngati akulankhula mothamanga, pansi pake gitala akulira, kenako mawu aja n'kusweka ngati munthu amene wayesetsa kusalira koma zamukanika. Ankaimba zinthu zimene anyamata a kwathu kuno sanena: kuti akuopa, kuti bambo ake anachoka osatsanzika, kuti m'mawa wina kudzuka kumalemera kuposa firiji. Akaika nyimbo pa intaneti madzulo, kukacha ana zikwizikwi amlembera kuti, ndimaganiza kuti ndili ndekha.

Mapiritsi oledzeretsa ankamwa, sindingabise, ndipo ankawaimba. Koma tsiku lina Junie akukwawa anatola kamodzi pa kapeti. Kaz ndiye anakaona, n'kumulanda kali pafupi ndi mlomo. Anakhala pansi pomwepo, kulira ngati wamenyedwa. Kuyambira tsikulo sanakhudzenso, ndipo tsiku lililonse ankalemba kamzere kuseri kwa chitseko cha kabati ija. Timizere tinafika makumi asanu ndi anayi kudza tinayi.

Vuto linali Rhonda Kessling, mayi amene ankayendetsa zamalonda ake. Iye anati anthu anamuzolowera Kaz ali ndi botolo lachikasu la kuchipatala m'manja, ndipo kanema wopanda botolo sagulitsa. Ndiye anagwirizana zoti muzikhala timasiwiti toyera ta minti, tofanana ndi mapiritsi. Wothira ndinali ine.

*

"Munathira liti komaliza?" anafunsa Mayi Vargo, wapolisi wofufuza. Anali mzimayi wamkulu thupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amawagula.

"Lachitatu lomwelo, naini koloko. Kenako ndinapita kuntchito, kochapira zovala. Ndinabwerako faifi, n'kupeza ambulansi ili kale pakhomo."

"Masiwiti."

"Masiwiti, mayi. Khumi ndi awiri."

"Ife tapezamo mapiritsi asanu ndi limodzi. Abodza, opangidwa kuseri, odzaza ndi poizoni uja wa fentanilo. Awiri anameza. Zidindo za zala zooneka bwino pabotolo ndi zanu ndi zake."

Junie ankasewera ndi zipi ya jekete langa.

"Sindikukumangani lero," anapitiriza. "Koma lamulo limati mankhwala otere akapezeka m'nyumba muli mwana, tidziwitse a ofesi yoteteza ana. Abwera Lolemba, naini koloko. Ngati dzina limene lili pamwamba pa pepala langa likhale lanu, mwanayu apita naye."

Ndinamukumbatira Junie mpaka anadandaula. Mayi Vargo anakankhira chithunzi patsogolo panga. Botolo lija linali pa tebulo la chipinda chapansi, pafupi ndi kapu ya khofi. Ndinaliyang'ana kamodzi, kawiri.

"Sindinatseke ndine ili."

"Mwadziwa bwanji?"

"Chivindikirocho. Chatembenuzidwa."

Aliyense amene anatengako mankhwala kuchipatala kuno amazidziwa zivindikiro zimenezi. Mbali imodzi umachita kudinikiza mwamphamvu n'kupotoza, kuti mwana asatsegule. Ukachitembenuza chimangopotoka ngati cha botolo la madzi. Anapangira okalamba a manja ofooka.

"Mayi, ine mipeni ndimaika pamwamba pa firiji. Mabowo a magetsi ndinamata onse. Anzanga amandiseka kuti ndidzamuveka mwanayu chipewa cha njinga pogona. Ndingatembenuze chivindikiro ine? Ndipo Kaz sakanatero. Chichitikire zija za pa kapeti, ankatseka mpaka chilire kawiri."

Mayi Vargo anayang'ananso chithunzicho.

"Chivindikiro sindingachiveke unyolo," anatero. "Ndipezereni dzanja."

*

Dzanja loyamba limene ndinaliganizira linali la Pruitt, chifukwa linali m'chikhakha. Anathyoka mkono sabata ziwiri zapitazo atagwa pa kathabwa kake kamatayala. Munthu wa dzanja limodzi sangadinikize n'kupotoza.

Ndinamupeza m'chipinda chapansi, maso ali psuu, akuyang'ana kompyuta.

"Abwana a chitetezo afika," anatero. Nthabwala inatuluka koma nkhope sinatsatire. "Ukuyang'ana mkono wangawu, eti? Aise, ndakuona. Iwe maso ako sabisa."

"Unali kuti nthawi ya nkhomaliro Lachitatu?"

"Ndinali ndi iye! Ndi iye, Josie. Ona."

Anatulutsa foni ndi dzanja lamanzere. Kanemayo anali wa pa kamalo kogulitsira masoseji a tsabola kutsidya kwa mtsinje, nthawi ikuonetsa mphindi makumi awiri kupitirira thuu koloko. Mtsikana wogulitsa anamuzindikira Kaz, ndipo anapinda dzanja la malaya kumuonetsa zipsera za lumo zimene zinapola. Kaz anagwira dzanjalo, n'kumuimbira ndime yonse pomwepo, mzere wa anthu ukudikira, mpaka mdala wina wa chisoti cha kufakitale anavula magalasi kupukuta m'maso.

"Tinachoka pano thuu, tinabwerako itadutsa fili," anatero Pruitt. "Ine, iye, ndi Rhonda akuyendetsa. Botolo tinalisiya apa, patebulopa."

"Ndionetse zimene munajambula musanapite."

Kaz anatulukira pa kompyuta ali moyo, akudumpha, akudinikiza chivindikiro ndi chikhatho. Chinali chotsekedwa bwino, mmene ndinachisiyira. Anaponya tiwiri mkamwa n'kutafuna, khurrr khurrr, n'kutsinzinira kamera.

"Nthawi zonse ndinkachita kuchotsa phokoso limenelo," anatero Pruitt. "Ndinkamuuza, aise, mapiritsi satafuna ngati chimanga chokazinga. Tsikulo tili m'galimoto analonjeza kuti ameza."

"Nanga zimene munajambula mutabwerako?"

"Usaone, Josie."

"Ika."

Mphindi makumi anayi kupitirira fili koloko. Botolo linatseguka ndi chala chimodzi. Chivindikiro chinali chagada. Kaz anaponya tiwiri, n'kumeza. Kenako nkhope inasintha, mmene imachitira ya mwana ukamupatsa mankhwala owawa. Anadziwa. Anakweza maso, osati pa kamera, koma kuseri kwake, chakumanja. Anayang'ana pamenepo kwa kanthawi, osakwiya, ngati munthu amene akufunsa kuti, iwenso? Nyimbo inafika pamene amalowera, ndipo analowa. Anaimba mpaka kumapeto osaphonya liwu. Atamaliza anati akagone pang'ono pa sofa.

"Kumanja kwako kunaima ndani?"

Pruitt anakanda chikhakha chake. "Ine diso limakhala mu kamera, aise. Onse awiri anali kumbuyo kwanga. Rhonda ndi Trevin."

*

Panja, mpanda wa nyumba yathu unali utasanduka manda. Ana a sukulu ankabwera m'chipale chofewa ndi makandulo, maluwa, makalata m'mapepala apulasitiki. Ena anapaka tsitsi la pinki. Ankaimba motsitsa, onse pamodzi, nyimbo ija imene amati mvula ikagwa padenga la galimoto ya mayi ake ndi pamene amamva kuti ali kwawo. Palibe amene ankatsogolera, koma palibe amene ankasochera.

Rhonda anali m'galimoto yake injini ikulira, foni ili pakhutu. Atandiona anatsitsa galasi pang'ono.

"Mwana iwe, ngati ndi za maliro, lankhula ndi mayi ake. Ine ndili ndi atolankhani atatu pamzere."

"Ndi za botolo."

Anadula foni. Zikhadabo zake zoikirira, zofiira, zazitali ngati za mphamba, zinagogoda pa chiwongolero.

"Lowa, mwanayo akuzizidwa." Nditalowa anapitiriza. "Tamvera. Ine ndakhala m'ntchito imeneyi zaka makumi awiri, ndaika m'manda oimba anayi. Woimba wakufa amagulitsa chaka chimodzi. Wamoyo amagulitsa zaka makumi atatu. Ndine woipa, koma sindine chitsiru."

"Ndi zikhadabo zimenezo simungatsegule chivindikiro chodinikiza."

"Sindingatsegule ngakhale chitini cha zakumwa, amanditsegulira anyamatawa. Botolo lanu lija sindinalikhudzepo. Nthawi ya nkhomaliro ndinali pa chiwongolero pano, funsa wa chikhakha uja. Tinamusiya mwamuna wako akugoneka mwana."

"Ndiye Kaz atameza ankayang'ana inu?"

Anayang'ana ana aja pa mpanda.

"Ine ndinali pa masitepe, kumanzere. Pansi paja foni siigwira bwino."

Ndiye kumanja kunatsala munthu mmodzi yekha.

"Ndikuuze chinthu chimene sindinawauze apolisi, chifukwa sanandifunse," anatero, mawu atatsika. "Lachiwiri akampani a ku Los Angeles anakana nyimbo zatsopano zonse. Anati mnyamatayu akumveka ngati munthu amene akugona bwino ndi kudya bwino. Akufuna mawu akale aja, okokera pansi, ngati akumira. Ine ndinati nyimbozo ndi zabwino kuposa zakale, ndipo ndi zoona, imene anamuimbira mwana wakoyu ndinaimvera katatu m'galimoto muno. Koma iwo anati tikapanda kuwapatsa zakale, Kaz amutenga yekha, amupezere wokonza nyimbo wawo. Kaz sindinamuuze. Ndinauza Trevin."

"Anati bwanji?"

"Anati, mundipatse tsiku limodzi, mawu akalewo abwerera."

*

Ndinakwera kuchipinda chathu. Trevin anali atapita kwa mayi a Kaz kukathandiza kusankha bokosi. Ndinamukhazika Junie pabedi n'kuyamba kudziuza kuti ayi. Munthu angalankhule mawu otero akutanthauza kukonza pa kompyuta. Munthu angaime kumanja popanda chifukwa.

Koma mayi amasunga zinthu zimene wapolisi sangalembe. Trevin anauza Mayi Vargo kuti kuyambira thuu mpaka fili anali m'mwamba muno, atagona pambali pa mwana. Junie akagona masana, madzulo amakhala wosangalala mpaka eyiti. Lachitatu lija, ambulansi itachoka, analira mosatonthozeka, akudzikoka makutu, n'kugona pa phewa langa sikisi isanakwane. Mwana uja sanagone masana. Ndipo pamene ndinamupsompsona, mkamwa mwake munkanunkhira chinachake chozizira. Tsikulo mutu unali pa Kaz, sindinaganizire.

Ndinatsegula dengu la zochapa n'kufukula mpaka ndinapeza kaovolosi kachikasu kamene anavala Lachitatu. M'kathumba ka pachifuwa munali kanthu kolimba. Timasiwiti tinayi toyera, tomatirirana, tokutidwa ndi ulusi.

Junie anatambasula dzanja, akuseka. "Siwiti! Adadi apatsa."

"Adadi anakupatsa kuti, mwanangu?"

Analoza pansi. "Kwa Kazi."

Ndinalowa kubafa kukasamba kumaso. Nditakweza mutu, maso anagwera pa shelefu ya pamwamba. Botolo la mankhwala a dzino la Trevin, amene anapatsidwa sabata yatha. Chivindikiro chili chagada.

Tinakanganapo za chimenechi kangati? Mayi ake anadwala nyamakazi kuyambira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankawatembenuzira zivindikiro zonse kuti azitsegula okha iye ali kusukulu. Tsiku limene anandiuza zimenezi ndi limene ndinayamba kumukonda. Dzanja lake limangochita lokha, iye osadziwa.

*

Trevin anabwera cha m'ma seveni, chipale chili pamapewa. Ndinali nditaphika makaroni a tchizi. Pruitt anali atapita kwa mlongo wake. Junie anali pa kampando kake, akumenya supuni patebulo.

"Asankha bokosi loyera," anatero Trevin akuvula nsapato. "Mayi ake akufuna ndilankhule kumanda. Ndinena chiyani, Jo?"

Ndinaika timasiwiti tija pambali pa mbale yake.

Anatiyang'ana. Sanafunse kuti n'chiyani. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Bambo a Junie," ndinatero. Sindimutchula choncho pokhapokha zinthu zikavuta. "Unagula kuti?"

"Jo."

"Unagula kuti?"

"Kwa munthu wina kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Anandilumbirira kuti ndi enieni, a kuchipatala. Omwe aja Kaz ankamwa asanu osagwedezeka. Ndimafuna awiri okha, tsiku limodzi lokha. Ajambule kanema, alowe m'kabati, tiimbe nyimbo imodzi ya mawu akale, akampani akhale chete. Mawa lake ndikanamuuza, akanandimenya chibakera, basi."

"Masiku makumi asanu ndi anayi kudza anayi, Trevin."

"Ukuganiza kuti sindinawerenge? Ine ndi amene ndinamupanga uja! Ndinamupeza akuimbira m'foni yosweka kuseri kwa sukulu, anthu akumutcha kamkazi. Ndinagulitsa njinga yanga kugula maikolofoni. Zaka zisanu ndi chimodzi! Ndiye abwere anthu a masuti amutenge, ine nditsale muno ndikupanga nyimbo za otsatsa matayala?" Anatsitsa mawu. "Anandiyang'ana, Jo. Akanatha kulavula, akanatha kuimitsa. Anangondiyang'ana n'kuimba. Ndipo anaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse, mankhwala asanayambe n'kugwira komwe. Anali mawu ake. Sankafunikira kanthu."

Analira, mutu uli patebulo. Junie anasiya kumenya supuni. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti limusisite pamsana, koma ndinalibweza.

"Pamene unkathira, mwanayu anali kuti?"

Anabisa nkhope m'mikono.

"Anali kuti?"

"Ankavuta. Anakana kugona. Ndinamunyamula."

"Pamkono."

"Pamkono. Ndinamupatsa masiwitiwo kuti akhale chete."

"Dzanja ili mwana, dzanja ilo mapiritsi. Oyera, ofanana ndi amene ukumudyetsa. Kamodzi kakanagwa?"

"Sikanagwe."

"Unawerenga?"

Ndinayang'ana pansi, pa kapeti, m'mphepete mwa khoma, monga ndimachitira tsiku lililonse la moyo wanga anthu akundiseka.

"Tamvera, Jo," anatero, akupukuta mphuno ndi dzanja la juzi. "Iwe sangakumange. Unali kuntchito, alibe umboni. A ofesi ya anawo angobwera kudzayang'ana, mwina amutenge sabata imodzi, ziwiri, kenako am'bweza. Nkhani izizira. Aliyense akudziwa kuti Kaz ankamwa. Anena kuti anabwerera yekha."

"Anena kuti anabwerera yekha," ndinabwereza.

"Ndi zimene akunena kale pa intaneti."

Ndinaganiza za timizere ta kuseri kwa chitseko. Ndinaganiza za mtsikana wa masoseji uja akuwerenga kuti munthu amene anamugwira dzanja anagonja. Kenako ndinaganiza za mayi wachilendo, wa chikwama cha mapepala, akumanga Junie pa mpando wa galimoto imene sindiidziwa, sabata imodzi, ziwiri.

"Idya, zizizira," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati galu amene wakhululukidwa, n'kutenga foloko. Ndinasesa timasiwiti tija ndi chikhatho ngati ndikukataya. Kukhitchini ndinatikulunga m'kasokosi ka Junie n'kukalowetsa m'kamisolo.

Ndinamusambitsa mwana. Ndikumupukuta, ndinatsegula pafoni nyimbo ija akampani anaikana. Mulibe mapiritsi, mulibe manda. Muli gitala mmodzi, ndi Kaz akuuza kamtsikana kuti kasathamangire kukula, kuti iye waima pakhomo akuyang'anira kapeti. Pakati pake amaseka, chifukwa Junie anatsegula kabati akujambula, ndipo Kaz anakana kuti Trevin adulepo. Junie anamva kuseka kuja n'kuyang'ana kuchitseko.

Ndinalembera Mayi Vargo uthenga: Dzanja ndalipeza. Mumayamba ntchito nthawi yanji?

Yankho linabwera ndisanaike foni pansi. Ndimafika faifi m'mawa. Muli bwinobwino m'nyumbamo?

Mpaka faifi ndikhala bwino, ndinayankha.

Trevin akagona sadzuka ngakhale mutagwetsa mbale. Galimoto ndinaiimika pa mtsetse, itha kutsika mpaka pa mphambano osaliza injini. Kuchokera kupolisi kupita kwa mayi anga ku Defiance ndi ola limodzi, misewu ikakhala yopalidwa chipale. M'chikwama ndinaikamo matewera, kalata yobadwira ya Junie, kaovolosi kachikasu kaja osachapa. Ndinatsikira pansi kukajambula chitseko cha kabati, timizere tonse tioneke, kuti mayi ake a Kaz adzakhale ndi chowaonetsa anthu.

Pobwerera ndinadzera kubafa. Ndinatsitsa botolo la mankhwala a dzino lija, n'kutembenuza chivindikiro, n'kudinikiza mpaka chinalira kawiri. Kenako ndinakumbukira kuti kukamacha, m'nyumba muno simudzakhalanso mwana woti n'kumuteteza.

Ndinachitembenuzanso mmene iye anachisiyira, kuti Mayi Vargo adzachipeze chomwecho.